Mtsinje Ukayamba Kufuka

Mvula yomaliza inagwa Lachiwiri,
yopanda bingu, yopanda ukali,
ngati mlendo amene watsanzika kale
koma akuzungulirabe pakhonde kufuna nsapato yake.
Inanyowetsa mapira a Chanaze pamphasa,
inagoneka fumbi la mumsewu wa ku Bangula,
kenako inakwera mapiri a Thyolo osacheuka.

Ine ndimalondera mapampu a madzi kuno ku Nchalo.
Usiku ndimaudziwa mpaka mafupa ake.
Mwezi wathawu ndinkakhala chifuwa pamtunda,
udzudzu ukundiwerengera milandu m'khutu,
thukuta likuyenderera mpaka m'gambutsi.
Lero ndavala jekete ya malemu achimwene,
ya zipi yakufa,
ndipo ndaimanga pamimba ndi luzi.

A kumtunda amati chigwa chino sichidziwa kuzizira.
Abwere folo koloko m'mawa,
adzaime pano pamene ndaima ine.

Mphepo imalowera cha ku Mozambiki, mwakachetechete.
Shire amakhala atasunga m'mimba mwake
kutentha konse kwa miyezi yapitayi,
ndiye mphepoyo ikangomukhudza pamsana
mtsinje umayamba kufuka.
Si mtambo wotsika kumwamba uwu ayi,
ndi wobadwira pompano, m'bango ndi m'namasupuni.
Umameza tsidya lija.
Umameza bwato la Alufazema, n'kusiya chifuwa chake chokha
chikukhosomola pakati pa madzi.
Mvuu ndimaimva, koma sindiiona.
Tochi yanga imathera pa mkono.

Kukacha timadontho timalendewera pawaya wa mpanda,
tosakwana kumwetsa ngakhale mpheta.
Mvula ija yachepa, yasanduka mpweya,
yaiwala kuti mu Janyuwale inatithyolera khitchini
ndi kutisiyira mzere wa matope pakhoma,
wolekeza m'khosi mwa mwana wanga wachiwiri.

Dzulo kampani yayatsa munda woyamba wa nzimbe.
Moto unalira cha kumadzulo,
ndipo utatha, kumwamba kunayamba kuthothoka.
Phulusa lakuda, lopepuka ngati nthenga za nkhanga,
likutera pang'onopang'ono, losasankha:
pa yunifolomu yochapa kale,
m'ndowa yosavundikira,
pa nsomba zoyanika za mayi Fulukiya,
pa nsidze za khanda.
Ana amalithamangira ndi zikhatho zotambasula.
Ukaligwira limafa,
limangokusiyira chizindikiro ngati wavota.

Mdzukulu wa mayi Fulukiya, uja anapita kukaphunzira kunja,
anatumiza kanema pafoni.
Kumeneko akuti mvula inagwa sabata yonse,
kenako usiku umodzi inayera,
n'kuyamba kugwa ngati ufa wopetedwa ndi mphepo.
Akuti nyanja ya kumeneko ndiyo imabereka zimenezo,
madzi ofunda akakumana ndi mphepo yozizira.
Tinapatsirana foniyo mpaka batire inatha.
Ine ndinati, nanga si zomwe amachita Shire?
Anandiseka.
Chanaze anangokutumula chitenje chake nati,
kwawo zoyera, kwathu zakuda,
koma tonse tikuthamangira kukaanula zovala.

Zoyera zathu sizigwa kumwamba.
Zimaphulika pamtengo, uko ku Ngabu,
ndipo zimabaya zala.
Mlamu wanga wayamba kale kutola thonje lake,
akusoka matumba, akudikira sikelo
ndi mtengo umene sunalengezedwe.

Sikisi koloko. Wondilandira ntchito wachedwanso.
Nkhungu ikung'ambika cha pakati,
Alufazema watulukamo, wamoyo, ndi milamba isanu.
Ikamakwana naini jeketeyi ikhala ili paphewa,
dzuwa litakumbukira kuti kuno ndi kwawo.
Koma panopa zala zanga zakana kumasula luzi.
Ndaziika m'khwapa.
Kaphulusa kamodzi, kotsalira ka dzulo,
katera pa bondo langa,
ndipo ndakasiya kakhale.